Kulimbitsa minofu kwa munthu wonenepa, wa shuga kapena wa BP: poyambira pake kuno kuchigwa cha Shire

Munthu wathupi akauzidwa kuchipatala kuti azichita masewera olimbitsa thupi, maganizo amathamangira kumsewu. Amadziona akuthamanga kuchokera pa Dyeratu kulowera ku Thabwa, thukuta lili kamukamu, ana akumuloza. Ena amayesadi masiku awiri, maondo n'kutupa, n'kusiya, n'kumati mafizo si a anthu ngati ife. Maondowo sanalakwe. Poyenda chabe, kilogalamu iliyonse ya thupi imapanikiza bondo ngati makilogalamu 3 kapena 4, ndiye pothamanga ndi thupi la makilogalamu 110 katunduyo amachita kunyanya. Poyambira pabwino pali pakhomo panu pomwepo, pansi pa mtengo wa nimu, ndi benchi, zigubu ziwiri ndi chubu chakale cha njinga.

Chifukwa chake chili m'minofu. Nsima, kaya ya chimanga, mapira kapena mchewere, mpunga, mbatata, mkate, zonsezi zikagayidwa zimasanduka shuga wolowa m'magazi. Shuga wambiri amakathera m'minofu ikuluikulu ya ntchafu, matako ndi msana, ndipo chomwe chimamutsegulira khomo ndi insulini yochokera m'kapamba. Mafuta akadzaza m'mimba ndi m'chiwindi, minofu imasiya kumvera insulini, shuga n'kumangozungulira m'magazi, kuwononga pang'onopang'ono maso, impso ndi mitsempha ya m'mapazi. Koma mnofu umene ukulimbana ndi katundu umakoka shuga wokha osadikira insulini, ndipo ukatha ntchito umakhalabe womvera kwa tsiku limodzi kapena awiri. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo la WHO limati munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pamlungu, kuwonjezera pa mphindi 150 kapena kuposa apo zoyenda mwachangu. Phindu limeneli limabwera ngakhale sikelo isanasunthe n'komwe.

Pali mawu omwe amamveka kawirikawiri: "Ine ntchito ndimagwira kale." Amene akudula nzimbe ku Nchalo kapena kupalasa kabaza kuyambira m'mawa angathe kunena choncho. Koma thupi limakonda kubwera kwa amene amatandala pampando m'golosale, muofesi, pamsika wa Ngabu kapena Bangula, madzi akutungiridwa ndi ana, ulendo uliwonse pa njinga yamoto. Kulima nako n'kwa nyengo, khasu likapachikidwa minofu imagona miyezi ingapo.

Yambani mwapita ndi buku lanu kuchipatala

Komwe mumalandirira mankhwala, kaya ndi pachipatala chachikulu cha Chikwawa kapena cha Nsanje, ku Ngabu, ku Montfort kapena ku Trinity ku Muona, auzeni momveka kuti mukufuna kuyamba kunyamula zolemera pang'ono. Akuyezeni BP ndi shuga, akuoneni mapazi, ndipo mufunse dzina la mankhwala aliwonse amene mukumwa, chifukwa mayinawo ali ndi ntchito pa zomwe zikubwera m'munsimu.

BP ikakhala pa 180/110 kapena kuposa mutakhala phee, musayambe mpaka itatsitsidwa ndi mankhwala. Musayambenso ngati mumamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa mukakwera kamtunda, mumabanika mukagona chagada, miyendo ikutupa, kapena muli ndi chilonda kuphazi chomwe sichikupola. Amene maso awo anaonongeka kale ndi shuga afunse kaye, chifukwa kudzikanika ndi katundu kapena kuzyolika mutu kungaphulitse timitsempha ta m'kati mwa diso. Chimodzimodzi amayi oyembekezera, amene anagwapo sitiroko, ndi amene ali ndi chotupa chofewa chotuluka pamchombo kapena m'mphechepeche akatsokomola, chomwe achipatala amati heniya. Anthu amenewa sikuti ndi oletsedwa mpaka kalekale, koma ndondomeko yawo iyenera kudulidwa molingana ndi matenda awo.

Mankhwala amasintha kachitidwe

Metformin payekha sagwetsa shuga kawirikawiri. Glibenclamide ndi jakisoni wa insulini ndiwo amagwetsa, makamaka munthu akalimbitsa thupi ndi njala. Ngati muli pa awiriwa, musachite m'mimba muli pululu. Idyani kaye, papite ola limodzi kapena awiri. Amene ali ndi kamakina koyezera ayeze asanayambe. Makina ena amawerenga mu mg/dL, ena mu mmol/L, ndipo nambala yaikuluyo mukaigawa ndi 18 mupeza yaing'onoyo. Shuga akakhala pansi pa 100 mg/dL, yomwe ndi 5.6 mmol/L, idyani nthochi imodzi yaing'ono kapena silaisi ya buledi musanayambe. Akapitirira 300 mg/dL, kapena 250 koma mukumva ludzu losatha, nseru ndi kufooka, tsiku limenelo si lamafizo, ndi lopita kuchipatala.

Shuga akagwa, ndiye kuti pansi pa 70 mg/dL, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, njala imamugwira mwadzidzidzi, mtima umagunda, maso amachita chidima, ena amayamba kulankhula zosokonekera ngati aledzera. Siyani pompo. Sungunulani masupuni aang'ono 4 a shuga m'madzi, kapena imwani theka la botolo la Coca-Cola la mamililita 300. Dikirani mphindi 15. Ngati simukupezabe bwino bwerezani, kenako mudye chakudya chenicheni. Shuga ameneyu azikhala pafupi, m'kapepala m'thumba, osati m'nyumba mokiya. Munthu akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Dziwaninso kuti shuga amatha kugwa usiku, maola ambiri mutamaliza, makamaka ngati madzulo mwamwa mowa.

Obaya insulini abaye pamimba, osati pantchafu yomwe ikukagwira ntchito, popeza mnofu wotentha umayamwa mankhwala msanga. Kutentha kwa kuno nako kumafulumizitsa zomwezo, komanso kumaononga insulini yosungidwa poyera. Kopanda firiji, mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, woikidwa pamthunzi, umathandiza.

A BP nawo ali ndi zawo. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, ndiye pamodzi ndi thukuta la kuno madzi amatha msanga m'thupi. Atenolol ndi propranolol amagwira mtima kuti usathamange, kotero kuwerenga kugunda kwa mtima sikungakuuzeni ngati mwatopa, ndipo amatha kubisa zizindikiro za kugwa kwa shuga kupatula thukuta. Amlodipine ndi enalapril amatha kubweretsa chizungulire mukadzuka mwachangu mutangomaliza. Musadumphe mankhwala poti lero muchita mafizo.

Amene ali pa ma ARV, dziwani kuti mankhwala okhala ndi dolutegravir, omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amanenepetsa anthu ena. Chimenecho si chifukwa chowasiyira. Ndondomeko ili panoyi ndi yanunso.

Zida zake

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Pamenepa ndiye pagona ubwino wa chigubu: cha malita 5, chija cha mafuta ophikira, chikadzaza ndi makilogalamu 5, ndipo mungathe kuwonjezera kulemera pang'onopang'ono, theka la lita nthawi imodzi, zomwe ngakhale zitsulo zambiri za ku jimu sizilola. Pezani ziwiri zofanana, zotsekeka bwino. Thirani lita imodziimodzi n'kumalemba mzere ndi penti kapena cholembera chosafufutika. Zikadzayamba kupepuka, muthiremo mchenga wouma m'malo mwa madzi, chimafika makilogalamu 7 kapena 8. Cha malita 20 chisungeni, nthawi yake idzakwana.

Chubu cha njinga chiduleni pochotsa valavu, chikhale chingwe chimodzi chachitali. Musanachigwiritse ntchito chikokeni n'kuyang'ana ming'alu. Dzuwa la kuno limapsereza mphira, ndipo wothetheka akaduka amakwapula kumaso. Mukamaliza chisungeni m'nyumba.

Pokhalira pakhale benchi yathabwa yolimba kapena khonde lasimenti, lotalika kufika m'maondo mwanu kapena kupitirira pang'ono, masentimita 45 mpaka 50. Mpando wapulasitiki ayi. Miyendo yake imatangadza pansi pa munthu wolemera, ndipo ukakhalitsa padzuwa umathyoka osachenjeza. Benchi itsamire kukhoma kuti isathawe.

Nsapato zikhale zotseka, zafulati, ndi masokosi ouma. Wa shuga asachite ali chosavala kapena ndi mapatapata. Mchenga wa mu Okotobala umawotcha, ndipo phazi lomwe linachita dzanzi silimva kupsa kapena minga. Musanavale, gwedezani nsapato n'kupisamo dzanja.

Nthawi yake ndi kutentha

Mu Okotobala ndi Novembala kuno kumafika madigiri 40 n'kupitirira, ndipo thupi lalikulu limachedwa kutaya kutentha. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo likapendeka, pamthunzi podutsa mphepo. M'nyumba yamalata masana musayese. Imwani makapu awiri a madzi ola limodzi musanayambe, ndipo pakati pake muzimwa pang'onopang'ono. Mkodzo ukakhala woyererako zili bwino, ukakhala wachikasu choderapo ngati tiyi wopanda mkaka madzi achepa. Amene anauzidwa kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso atsate muyezo womwe anapatsidwa.

Zomadzikulunga m'mapepala apulasitiki kapena kuvala jekete kuti mafuta asungunuke n'zabodza ndiponso zoopsa. Chotuluka ndi madzi, ndipo amabwerera mukangomwa. Mutu ukayamba kuwawa, nseru, minofu kukokana, siyani, khalani pamthunzi, dzithireni madzi. Munthu akasokonezeka maganizo thupi lili juu, n'zofunika chipatala msanga, akumuthira madzi ndi kumukupiza m'njira. Pokhulana ntchafu pakani Vaseline, ndipo mukasamba pukutani bwino m'mapindi a khungu, pansi pa mabere ndi pansi pa mimba, chifukwa chinyezi chimabala zotupa zoyabwa.

Kupuma

Ichi chigwireni musanaphunzire china chilichonse. Munthu akamanyamula cholemera amakonda kugwira mpweya n'kudzikanika, ndipo pamenepo BP imakwera kwambiri mwakamphindi. Tulutsani mpweya pamene mukulimbana ndi katundu, kokani pamene mukubwerera. Njira yosavuta ndi kuwerenga mokweza. Pakamwa pakamatuluka "wani, thu, fili", mpweya sungagwidwe. Mukaona kuti mwasiya kuwerenga, nkhope yafufuma, katunduyo wakukulirani.

Yambani ndi mphindi 5 zotenthetsa thupi: kuyendayenda pabwalo, kuponda pamalo amodzi mukukweza maondo pang'ono, kuzunguza mapewa. Kenako zisanu izi.

Kukhala ndi kuimirira

Awa ndiwo mafizo aakulu kuposa onse, chifukwa amagwira ntchafu ndi matako pomwe pali minofu yodya shuga wambiri. Khalani chakutsogolo kwa benchi. Mapazi atalikirane ngati mapewa kapena kuposa pang'ono kuti mimba ipeze podutsa, zala zoloza kunja pang'ono, zidendene zibwerere m'mbuyo kufika pansi pa maondo. Weramirani kutsogolo mpaka mphuno ifike pamwamba pa zala za kumapazi, pondani pansi ndi phazi lonse, imirirani mukutulutsa mpweya. Pobwerera tumizani matako m'mbuyo ngati mukufuna benchi yomwe ili patali, tsikani mukuwerenga mpaka 3, khudzani benchi mofatsa.

Potsikapo ndi pomwe anthu amaba. Amangodzigwetsa kuti phwa, ntchito yonse n'kutayika, msana n'kulandira chibakera. Ngati simungathe kutsika mwaulemu, benchi yafupika. Ikani pilo wolimba kapena bulangete lopinda, muzichotsa pakapita milungu. Cholakwika chachiwiri ndi maondo kugwera m'kati ngati akufuna kupsompsonana. Akankhireni kunja kuti aziloza komwe kukuloza chala chachiwiri. Chachitatu ndi zidendene kunyamuka, chomwe chimaunjika katundu yense pabondo. Masiku oyamba kutsamira manja pantchafu si mlandu. Kenako pindani manja pachifuwa, ndipo zikadzafika pophweka, kumbatirani chigubu pachifuwa.

Bondo likamalira kuti tswatswa koma osapweteka, pitirizani. Likamabaya ngati singano, kwezani pokhalira kuti musamatsike kwambiri.

Kukankha khoma

Imani moyang'ana khoma, patali ngati kutalika kwa mkono wanu. Zikhato pakhoma, molingana ndi chifuwa, zotalikirana kuposa mapewa pang'ono. Pindani zigongono mpaka chifuwa chiyandikire khoma, kenako kankhani. Thupi likhale ngati thabwa kuyambira kumutu mpaka kuchidendene, matako asatsalire m'mbuyo, mimba isagwere kutsogolo. Zigongono zisatambasuke ngati mapiko a nkhuku, ziloze chakumbuyo, apo ayi phewa lidzadandaula. Zikaphweka bwererani m'mbuyo phazi limodzi, kenako mudzasamukire pa tebulo lolimba lotsamira kukhoma. Zapansi zija za asilikali musazifulumirire.

Kukoka mphira

Kolekani chubu pamtengo kapena pamzati wolimba, molingana ndi pamwamba pa mchombo, nsonga ziwiri zikulungidwe m'manja. Bwererani m'mbuyo mpaka mphira akungike, phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo. Kokani zigongono m'mbuyo moyandikira nthiti, ngati mukufuna kufinya ndimu pakati pa mapewa, gwirani kamphindi, bwezani pang'onopang'ono. Mapewa asakwere kumakutu. Mukapezeka mukugwa chagada kuti mphira abwere, ndiye kuti mwatalikira, senderani pafupi. Kwa munthu wotandala chowerama pamashini osokera kapena pakauntala, awa amamasula msana wam'mwamba.

Kunyamula chigubu pansi

Misana yambiri imathyokera pano, pamtondo ndi pamjigo, ndiye ndi bwino kuphunzira kanyamulidwe koyenera ndi katundu wopepuka. Poyamba chigubu chisakhale pansi penipeni. Chiikeni pa njerwa ziwiri kapena pa kampando kakafupi, pakati pa mapazi anu. Pindani maondo pang'ono, tumizani matako m'mbuyo ngati mukutseka chitseko ndi matako manja ali ndi katundu, msana uli chiwongokere. Gwirani chigwiriro ndi manja awiri, limbitsani mimba ngati mwana akufuna kukumenyani chibakera, pondani pansi, imirirani. Chigubu chizikwera chokhudza miyendo. Chikatalikira ngakhale pang'ono, msana ndiwo umalipira.

Kuti mudziwe ngati msana ukupindika, pezani ndodo yatsache, wina akugwirizireni kumsana. Iyenera kukhudza nkhongo, pakati pa mapewa ndi pamwamba pa matako nthawi yonse. Ikachoka pamodzi mwa malo atatuwa, mwawerama mopitirira. Kukoka muyenera kukumva kumbuyo kwa ntchafu ndi m'matako, osati m'chiuno. Pamwamba imani chilili basi, osapindikira kumbuyo. Yambani ndi malita 5. Apa ndi pomwe chigubu cha malita 20 chidzagwire ntchito, kuyambira malita 8, 10, 12 n'kumakwera. Chosadzaza madzi amakhavukira uku ndi uku, ndiye nyamulani modekha.

Kuyenda ndi zigubu

Chigubu kudzanja lililonse, malita 3 poyamba, msana chilili, maso kutsogolo, yendani mapazi 20 mpaka 30 n'kutula. Zimalimbitsa manja, mapewa ndi minofu ya m'mimba popanda kugona pansi. Izi zikulowa m'malo mwa mafizo aja ogona chagada n'kumadzuka, omwe ambiri amakhulupirira kuti amaphwetsa mimba. Saphwetsa. Thupi silichotsa mafuta pamalo pomwe mwasankha inu, ndipo kwa munthu wamimba yaikulu amangopweteketsa khosi ndi chiuno, n'kukankhira heniya kunja.

Amene maondo awo akulola angawonjezere kukwera sitepe yaifupi, ya masentimita 10 mpaka 15, dzanja lili pakhoma, mwendo uliwonse maulendo ofanana.

Kangati, ndipo kuwonjezera liti

Masiku awiri pamlungu, osatsatizana, monga Lolemba ndi Lachinayi. Mnofu umakula pa tsiku lopuma. Milungu iwiri yoyamba chitani raundi imodzi yokha pa chilichonse, maulendo 8 mpaka 10. Ngati mungathe 5 okha, 5 omwewo ndiwo poyambira panu. Zonse zitenga mphindi 15 kapena 20, ndipo mudzamaliza mukuona ngati simunachite kanthu. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Minofu imazolowera msanga, koma mitsempha yomanga mfundo imachedwa, ndipo ena amene amavulala ndi abambo omwe ankamenya mpira kale, ofuna kuyambira pomwe anasiyira zaka 20 zapitazo.

Mlungu wachitatu ndi wachinayi, maraundi awiri, kupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati. Kuyambira mwezi wachiwiri mungafike maraundi atatu, kapena kuwonjezera tsiku lachitatu: Lolemba, Lachitatu, Lachisanu. Musawonjezere zonse ziwiri mlungu umodzi.

Raundi iliyonse isiyeni mukadali ndi mphamvu ya maulendo awiri kapena atatu. Kuchita mpaka kulephereratu kumakweza BP ndiponso kumasokoneza kachitidwe. Mukafika maulendo 12 mosavuta masiku awiri otsatizana a mafizo, thirani theka la lita pa za manja, lita imodzi pa za miyendo, n'kubwerera ku maulendo 8. Popanda kuwonjezera kotere thupi limazolowera n'kuima pamodzi. Mayi amene wakhala akunyamula malita 3 omwewo miyezi 6 akungosunga zomwe anapeza mwezi woyamba.

Lembani m'kope: tsiku, malita, maulendo, shuga ngati mwayeza. Mutu umaiwala, ndipo kopelo lidzathandiza wachipatala.

Masiku enawo yendani. Mphindi 10 kapena 15 mukangotha kudya zimachepetsa kukwera kwa shuga kobwera ndi nsima. Cholinga n'choti pasadutse masiku opitirira awiri thupi lili chikhalire. Mukamaliza mafizo musadzigwetse pamkeka nthawi yomweyo, yendani pang'onopang'ono mphindi 3 mpaka 5 kuti magazi asatsalire m'miyendo n'kukuchititsani chizungulire.

Ululu wabwino ndi woipa

Mawa lake kapena mkuja ntchafu zidzawawa, kukhala pachimbudzi kudzakhala nkhondo. Zimenezi n'zachibadwa, zimafika pachimake pa tsiku lachiwiri n'kutha pofika lachinayi kapena lachisanu, ndipo ulendo wotsatira zimachepa. Kuyenda pang'ono kumathandiza kuposa kugona. Musazolowere kumwa brufen kapena diclofenac pa ululu umenewu. Kwa munthu wa shuga kapena BP, makamaka madzi atachepa m'thupi, mankhwalawa amapweteka impso ndiponso amakweza BP.

Ululu woipa ndi wobaya, wa m'mfundo, wa mbali imodzi, kapena wotsika kuchokera m'chiuno kupita kumwendo ndi dzanzi. Bondo likatupa n'kutentha, pumitsani. Minofu ikatupa kwambiri mkodzo n'kuda ngati Coca-Cola, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo izi n'zosiyira pomwepo n'kufuna thandizo mwamsanga: kuthina pachifuwa kofalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, kubanika kosatha mutapuma, mtima kugunda modumphadumpha, mutu waukulu wadzidzidzi, maso kuchita mdima, pakamwa kupotoka, mkono kufooka. Kumbukirani kuti wa shuga mtima ungamudwale popanda ululu weniweni, kungofooka ndi thukuta. Masabata oyamba pakhale munthu pafupi, ndipo adziwe pomwe pali shuga uja.

Madzulo aliwonse yang'anani mapazi: kunsi, pakati pa zala, kuchidendene. Ngati mimba ikutchinga, gwiritsani ntchito galasi kapena mutume mwana. Thuza laling'ono kwa wa shuga lingathe kudzadulitsa mwendo, ndiye likaoneka musaliboole, kalionetseni.

Za m'mbale, mwachidule

Mnofu umamangidwa ndi ndiwo, osati ndi nsima. Kuno sitisowa: mlamba ndi mphende za ku Elephant Marsh, usipa, mazira, nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, soya, nyama ya mbuzi yochotsa mafuta, mkaka. Pa chakudya chilichonse pakhale chimodzi mwa izi, chokula ngati chikhato chanu. Theka la mbale likhale masamba, nsima ikhale mtanda umodzi wonga chibakera chanu. Mgaiwa, mapira ndi mchewere zili bwino kuposa ufa woyera, koma mitanda itatu ya mapira ndi mitanda itatu basi. Amene impso zawo zinafooka afunse muyezo wa ndiwo zotere kuchipatala. Nsomba zouma zamchere zivikeni m'madzi musanaphike, a BP asamale pamenepo.

Chomwe chimabweza anthu m'mbuyo kwambiri ndi zakumwa. Botolo la Coca-Cola lija lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Thobwa lotsekemera, tiyi wa masupuni atatu, nzimbe yongotafuna pocheza, zonsezi zimafafaniza ntchito ya m'mawa. Mabotolo a ufa womanga minofu ndi tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa WhatsApp musataye nazo ndalama.

Mudzadziwa bwanji kuti zikuyenda

Sikelo imanama miyezi yoyamba, chifukwa mnofu wogwira ntchito umasunga madzi. Gwiritsani ntchito tepi ya telala. Yezani mimba m'mawa, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mutatulutsa mpweya osafinya, kamodzi pamwezi. Chiopsezo chimayamba kukwera amayi akapitirira masentimita 80, abambo 94, ndipo chimakula kwambiri pa 88 ndi 102. Werenganinso kuti mumatha kukhala ndi kuimirira kangati pa masekondi 30, tsiku loyamba ndi pakatha milungu 6. Apo kusintha kumaoneka msanga.

Munthu wa makilogalamu 100 akatsitsa 5 mpaka 10 okha, shuga, BP ndi mafuta a m'chiwindi zimasintha kale. Izi zikuyankhanso nkhawa yomwe amayi ambiri amainena monong'ona, yoti akaonda anthu ayamba kuloza zala kuti akudwala, kapena apongozi aziti mwamuna sakuwasamala. Palibe akukupemphani kuti mukhale ngati bango. Kuonda kwa matenda kumadya minofu, munthu n'kumayenda chozyolika, pamene uku mimba imachepa koma mapewa ndi miyendo zimadzaza.

Zosokoneza zidzabwera. Malungo akakugwirani, kapena kutsegula m'mimba, siyani mpaka mutamaliza mankhwala, thupi litazizira, chakudya chikulowa. Madzi akasefukira mu Januwale mpaka Malichi, kapena maliro akakutengerani milungu iwiri kumudzi, musabwerere pa malita omwe munasiyira. Chotsani theka, chitani raundi imodzi, pakatha milungu iwiri mudzakhala mwafika pomwe munali.

Pakatha miyezi itatu bwererani kuchipatala ndi kope lija. Komwe kuli kotheka pemphani kuyezedwa HbA1c, yomwe imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Ngati shuga wayamba kumagwa kawirikawiri, kapena mukumachita chizungulire poimirira, musadikire miyezi itatuyo, pitani mlungu womwewo. Kawirikawiri zimatanthauza kuti mankhwala omwe anakuyenerani musanayambe tsopano akukulirani, ndipo wochepetsa mlingo wake ndi amene anakulemberani, ataona manambala a m'kopemo.